Mwana wa Mnzako Ngwako Yemwe

Pa 17 February 1972 ku Wolfsburg, m'dziko la West Germany, kunali chikondwerero. Tsiku limenelo fakitale ya Volkswagen inatulutsa Beetle ya nambala 15,007,034, n'kupitirira chiwerengero cha Ford Model T, chimene kwa zaka zoposa 40 palibe galimoto inachifikapo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Osunga mabuku a ndalama ankaona zimene ojambula zithunzi sankaona: ogula anali atayamba kuyang'ana kwina, phindu linkaphwa chaka ndi chaka, ndipo pakhomo ponse panalibe mwana woti adzalowe m'malo mwa nkhalambayo ikadzatopa.

Chaka chomwecho, kum'mwera kwa dzikolo, mumzinda wa Ingolstadt munatuluka galimoto yotchedwa Audi 80. Pansi pa boneti yake panali injini yatsopano ya petulo, ya masilinda anayi, imene m'mabuku a kampani inalembedwa kuti EA827. Palibe anaiimbira nthungululu. Komabe ndiyo inadzapulumutsa mudzi wonse, ndipo mbumba yake ikuyendabe m'misewu mpaka lero. Ine amene imvi zandipeza ndikununkha oyilo, nkhani ya injini imeneyi imandikhudza, chifukwa imayankha funso limene achinyamata amatifunsa ife akuluakulu, nthawi zina atakwiya: kodi kusunga zakale ndi nzeru, kapena ndi liuma chabe?

Tiyambe ndi nkhalambayo, ndipo tisaichite chipongwe. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Beetle inalinganizidwa ndi Ferdinand Porsche m'zaka za m'ma 1930, injini ili kumbuyo, yozizira ndi mphepo, yopanda rediyeta, yopanda madzi oti n'kuwira kapena kuundana ndi chisanu. Nkhondo itatha, mu 1948, Heinrich Nordhoff analandira fakitale yobooka madenga ndi mabomba, n'kuidzutsa mpaka kudyetsa mabanja zikwizikwi ndi galimoto imodzi yomweyo. Munthu wotere ukamuuza kuti chimene chinakutulutsa m'phulusa chatha ntchito, samva msanga, ndipo ine ndimamumvetsa. Ngakhale pamene ankatulutsa magalimoto atsopano, Type 3 mu 1961 ndi 411 mu 1968, maganizo anali omwe aja: injini kumbuyo, mphepo iziziritse. Chonsecho anzawo a ku Italy, France ndi Japan anali atayamba kugulitsa magalimoto a phokoso lochepa, ofunda m'kati nthawi yachisanu, a malo okwana katundu wa banja. Ku America, msika waukulu wa Beetle, malamulo a utsi ankakhwima chaka ndi chaka. Injini ya mphepo imavuta kuiweta pa nkhani ya utsi, poti kutentha kwake kumatsata nyengo ndi liwiro, pamene ya madzi thermostat imaisunga pa muyeso umodzi.

Mankhwala anali pakhomo pomwepo, kungoti anali m'manja mwa mwana wopeza. Ku Ingolstadt kunali kampani ya Auto Union, imene inkapanga magalimoto a DKW a injini zosakaniza petulo ndi oyilo, zofuka utsi wabuluu, zimene ogula anali atatopa nazo. Kuyambira 1958 mwini wake anali Daimler-Benz, ndipo mu 1963 anatumizako injiniya wake, Ludwig Kraus, kuti akakonze zinthu. Kumapeto kwa 1964 Daimler-Benz inayamba kugulitsa kampaniyo kwa Volkswagen. Ogulawo sankasaka nzeru za ku Ingolstadt ayi. Ankafuna madenga ndi manja oti azimangirako ma Beetle ena. Lamulo linachoka ku Wolfsburg lakuti ku Ingolstadt asalinganizenso galimoto yatsopano. Kraus sanabwerere ku Daimler-Benz. Anatsala, ndipo mobisa, ndi anthu ake ochepa, analinganiza Audi 100. Nordhoff ataiona anavomera kuti ipangidwe, ndipo apa tim'patse ulemu wake. Galimotoyo inatuluka kumapeto kwa 1968, iye atamwalira kale mu April.

Ndiime pang'ono, ana anga, mungati mkuluyu akutiphunzitsa kunyoza malamulo a pantchito. Onani mmene Kraus anakanira. Sanakane ndi pakamwa. Anagwira ntchito n'kuiika pamaso pa abwana kuti aweruze okha. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo akamati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, sakutanthauza kuti mlendo ndi wanzeru kuposa eni mudzi. Kungoti iye alibe manda oti aziopa kupondapo. Kraus analibe ngongole kwa Beetle, n'chifukwa chake ankaiona mmene inalili.

Tsono titsegule boneti. Amene munagwirapo EA827 mukudziwa kuti si injini yodzionetsera. Buloko ndi yachitsulo, yolemera, yopirira. Hedi ndi ya aluminiyamu. Camshaft ndi imodzi, ili pamwamba, ndipo imakankha mavavu mwachindunji kudzera m'timakapu tachitsulo, popanda timitengo ndi timikono tambirimbiri ta injini zakale. Pa zoyambazo, mpata wa vavu ukasokonekera umachotsa kachitsulo kozungulira kamene kali pamwamba pa kakapu n'kuikapo kena kokhuthala kapena kopyapyala. Pambuyo pake anaikamo timakapu todzisintha tokha ndi mphamvu ya oyilo. Lamba mmodzi wamano amachoka ku crankshaft n'kuzunguza camshaft pamodzi ndi shafuti ina yapakati, imene imayendetsa distributor ndi pampu ya oyilo. Basi. Makaniko wa masipanala ochepa amaimasula m'mawa, madzulo n'kuilizanso.

Chinsinsi chenicheni chimaoneka hedi ikachotsedwa. Pukutani pamwamba pa buloko, muyeze kuchokera pakati pa bowo la silinda imodzi kufika pakati pa linzake. Mupeza mamilimita 88. Muyeso umenewu ndiwo fupa la mtundu wonse. Mu Audi 80 yoyamba injini inali ya malita 1.3 ndi 1.5, mabowo ake ang'onoang'ono, pakati pawo patatsala chitsulo chambiri. Amene anaijambula anasiya malo oti mwana adzakulire. M'mera mpoyamba.

Mu 1971 utsogoleri wa Volkswagen unapita kwa Rudolf Leiding, munthu amene anali atatsogolerapo ku Ingolstadt ndipo ankadziwa zimene anthu a Kraus angathe. Anapeza ntchito yolinganiza wolowa m'malo mwa Beetle ili m'manja mwa kampani ya Porsche: galimoto ya injini yogona pansi pa mpando wakumbuyo, yodula kupanga, yovutanso kuifikira pokonza. Anaithetsa. M'malo mwake anatenga Audi 80, imene inasankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya mu 1973, n'kuisintha nkhope ndi kumbuyo, n'kuitcha Passat. Mu 1974 kunabwera Scirocco ndi Golf, thupi lojambulidwa ndi Giorgetto Giugiaro wa ku Italy, injini yopingasa kutsogolo, yokoka ndi matayala akutsogolo. Ngakhale kainjini ka malita 1.1 ka Golf yotsika mtengo kanachokeranso ku Audi komweko. Mu July chaka chimenecho Beetle inachoka m'mizere ya ku Wolfsburg.

Nyengo yake inali yowawa. Mafuta anali atakwera mtengo kuyambira kumapeto kwa 1973, anthu anamanga matumba, ndipo mu 1974 kampani inataya ma mark 807 miliyoni. Antchito zikwizikwi ntchito inawathera. Koma pofika October 1976, Golf ya nambala 1 miliyoni inali itatuluka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Akanati a ku Wolfsburg aumirire kuti wopulumutsa ayenera kubadwira m'nyumba yaikulu, bwenzi lero dzina lawo tikulipeza m'mabuku a mbiri okha.

Mwanayo anakula pang'onopang'ono. Mu 1976 Golf GTI inatenga ya malita 1.6 kuchokera mu Audi 80 GTE, yopanda kabuleta, petulo akupoperedwa ndi makina a Bosch K-Jetronic: mahosipawa 110 m'galimoto yolemera makilogalamu 810 okha. Ankaganiza zopanga 5,000 zokha, koma ogula anawadabwitsa. Chaka chomwecho anatenga buloko ya petulo n'kuipangira hedi ina, n'kutuluka dizilo ya malita 1.5, umboni wakuti chitsulocho chinali ndi mphamvu yosunga. Ku Audi anawonjezera silinda yachisanu pa muyeso womwewo, ndipo m'menemo ndimo munatuluka quattro ya 1980 imene inagwedeza mipikisano ya m'misewu yafumbi. Koma amenewo ndi asuweni. Tibwerere kwa a masilinda anayi. Mu 1982 inafika malita 1.8, ndipo kwa ine pamenepo ndi pamene inakhwima: bowo la mamilimita 81, pisitoni ikuyenda mamilimita 86.4, yokoka kuyambira pansi, yosakutopetsa ndi kusintha magiya pachitunda. Pakati pa zaka za m'ma 1980 inalandira hedi ya mavavu 16, mahosipawa 139. Kenako kunabwera chopopera mpweya chotchedwa G-Lader mu Corrado ndi Passat G60, mahosipawa 160, kenakonso malita 2.0.

Pa 2.0 ndi pamene muyeso uja unanena kuti malire ndi pano. Bowo linafika mamilimita 82.5. Chotsani pa 88: chitsulo cholekanitsa moto wa silinda iyi ndi moto wa inzake chatsala mamilimita 5.5, osafika ndi kunenepa kwa pensulo, ndipo gasiketi iyenera kugwira pakachidutswa kameneko zaka ndi zaka. Poti kufutukula kunatha, anaitalikitsa, pisitoni n'kumayenda mamilimita 92.8. N'chifukwa chake injini za mtundu uwu zimadziwika ndi kukoka, osati kulira mokwera. Wina angafunse kuti bwanji osangojambula buloko ina yotakata. Yankho lili m'fakitale. Makina oboola ndi kupala mabuloko amaikidwa pa muyeso umodzi, ndipo kuwazula onse ndi chuma chosaneneka. Posunga 88, ndalama zinapita ku hedi, ku kapoperedwe ka petulo, ku kuchepetsa utsi. Makaniko amene anaphunzira pa imodzi sankasochera pa inzake, ndipo zipangizo zambiri zinkalowana.

Komatu walira mvula walira matope. Mphamvu zowonjezerazo zinabwera ndi ngongole yake. Pa zina za mavavu 8, lamba akaduka galimoto imangozima, mumanga wina n'kupitiriza ulendo. Pa ya mavavu 16, ndiponso pa dizilo, pisitoni imakumana ndi vavu yotseguka, ndipo kamphindi kamodziko kamadya malipiro a mwezi wathunthu. G-Lader nayo inkafuna chisamaliro chimene eni ambiri sankachipereka. Ukalamba uli ndi zizindikiro zake pa onse: timphira ta pamavavu tikauma, utsi wabuluu umatuluka poliza m'mawa kapena mutatsika phiri, ndipo timapulasitiki tolumikiza mapaipi a madzi timang'aluka mosachenjeza.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ku Brazil injiniyi inafika ndi Passat mu 1974, ndipo kuyambira 1985 mtundu wake wokonzedwa komweko unadziwika ndi dzina lakuti AP. Inaphunzira kumwa ethanol wa nzimbe, ndipo mu 2003 Volkswagen Gol ya malita 1.6 inakhala galimoto yoyamba m'dzikomo yolandira petulo, ethanol kapena zosakaniza, mmene mwini wafunira. Ku China, Santana yoyamba inamangidwa ku Shanghai mu 1983, ndipo kwa zaka zambiri matakisi ndi magalimoto a boma anali amenewa. Mu 1991 ku Changchun kunatsatira Jetta. Kuno kum'mwera kwa Africa nkhani yake ndi yokoma. Pamene Germany inasiya Golf yoyamba n'kupita ku yachiwiri, fakitale ya ku Uitenhage ku South Africa, kumene lero kukutchedwa Kariega, inakana kuitaya, poti yatsopanoyo inali yodula kwa anthu wamba. Mu 1984 inaitulutsanso ndi dzina lakuti Citi Golf, yofiira, yachikasu ndi yabuluu, ndipo inapitiriza mpaka 2009, magalimoto oposa 370,000. Abale athu amene akugwira ntchito ku Joni amaidziwa bwino. Kwa ena ndiyo inali galimoto yoyamba kugula ndi thukuta lawo, ndipo zina zinawoloka pa Beitbridge ndi Nyamapanda mpaka kulowa pa Mwanza, katundu ali thothotho.

Zimene ndaona zikufa m'magalaja athu, zambiri sizinafe ndi ukalamba. Zinafa ndi madzi. Munthu amathira madzi a pampopi m'rediyeta mwezi ndi mwezi, dzimbiri n'kumadya m'kati mwa buloko, aluminiyamu n'kumanyenyeka. Tsiku lina fani yasiya kuzungulira, singano ikukwera, dalaivala akuiona koma akuti tikafike kaye patsogolopo. Akafika, hedi yapindika, oyilo wasanduka woyera. Zina zinafa ndi lamba. Mnyamata wagula galimoto, wagulira marimu ndi wailesi, koma sanafunse kuti lamba anasinthidwa liti. Safunsa anadya phula. Chonsecho kuona kwake n'kosavuta. Chotsani chivundikiro chapamwamba, mugwire lamba ndi chala chachikulu ndi cholozera pakatikati pa camshaft ndi shafuti yapakati ija, mum'potoze. Akamangika bwino amatembenuka mpaka kuima cham'mbali, osapitirira. Kenako yang'anani m'munsi mwa mano: mukaona timing'alu, kapena oyilo atamunyowetsa, musadikire mawa. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo amene anakugulitsani galimoto sadzakhalapo usiku umene idzazime pathengo.

Ndibwerere ku funso la achinyamata lija. Nordhoff anasunga zakale kwa zaka 20, ndipo zotsatira zake zinatsala pang'ono kugwetsa kampani. Olowa m'malo mwa Kraus anasunganso zakale, kwa nthawi yaitali kuposa pamenepo, ndipo kampani inalemera. Kusiyana kuli pati? Woyambayo anasunga chinthu chonse, mutu ndi miyendo, n'kuletsa ena kuganiza. Enawa anasunga muyeso umodzi, zina zonse n'kuzilola kupita. Kabuleta inapita. Distributor inapita. Mavavu anachoka pa awiri kufika pa anayi, mpaka asanu pa silinda imodzi. Ife akuluakulu kawirikawiri timateteza zonse ndi mphamvu yofanana, chofunika ndi chongozolowereka, ndipo mwana akafunsa chimodzi timayesa akunyoza zonse. Achinyamata nawonso, akaona chimodzi chatha ntchito, amafuna kutaya zonse pamodzi. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, inde, koma si mawu onse amene amagonera bwino. Ena amasasa, ndipo ntchito ya mkulu ndi kulawa yekha asanapatse ana.

Mzere wa EA827 unapitirira. M'zaka za m'ma 1990 unabala EA113, imene ya malita 1.8, ya mavavu 20 ndi turbo, inatchuka mu Audi A4 ndi magalimoto ena ambiri a banjali. Pambuyo pake kunabwera EA888, yojambulidwa mwatsopano ku Audi komweko, ya tcheni m'malo mwa lamba, petulo akupoperedwa molunjika m'silinda. Zoyamba zake zinadandaulitsa eni ambiri ndi kumwa oyilo ndiponso kukhwefuka kwa tcheni, ndipo zinatenga zaka kuti zikhazikike. Imeneyi simungaikonze ndi masipanala okha. Imafuna kompyuta, ndipo zimandiwawa kuona amakaniko aluso ataima manja m'chiuno chifukwa chosowa chipangizo chowerengera. Koma chotsani hedi, muyeze. Mamilimita 88. Bowo 82.5, ulendo wa pisitoni 92.8. Golf GTI ya masiku ano ikutulutsa mahosipawa oposa 240 m'miyeso imene makaniko wa m'ma 1990 angaizindikire.

Tsopano mphepo yatembenukanso. Mu 2023 mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo lakuti kuyambira 2035 magalimoto atsopano asamatulutse mpweya wa carbon dioxide, ndipo mkangano wake ukupitirirabe. Ku Salzgitter, fakitale ya Volkswagen imene inatsegulidwa mu 1970 n'kupanga injini zoposa 60 miliyoni, mu July 2022 anayala maziko a fakitale ya mabatire. Ku China, kumene Santana inaphunzitsa anthu kumanga galimoto, mu 2023 kampani ya komweko ya BYD inapitirira Volkswagen pa malonda. Chaka chomwecho a ku Wolfsburg anagula gawo la pafupifupi 5 peresenti mu kampani ya ku China ya Xpeng, kuti mainjiniya a mbali ziwirizi alinganize limodzi magalimoto amagetsi. Nditamva zimenezi mtima unakhala pansi pang'ono, poti ulendo uno anapita okha kukagogoda kwa wophunzira wawo wakale, osadikira kuti wina agwire ntchito mobisa. Koma kusinthaku kuli ndi olipira ake, monga mu 1974. Mu December 2024 kampani ndi bungwe la antchito la IG Metall anagwirizana kuti pofika 2030 malo a ntchito oposa 35,000 achepetsedwe ku Germany. Ndimawaganizira anthu amenewo, makamaka amene afika zaka 50, amene manja awo anazolowera buloko ndi crankshaft, ndipo tsopano ayenera kusankha pakati pa kubwerera m'kalasi kukaphunzira za mabatire ndi kupita kunyumba nthawi isanakwane.